Kapu yovundikira ndi usiku wanga wa nkhawa

Kwa miyezi ingapo ndinkadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku, mtima ukugunda ngati ndathamanga mtunda, m'manja muli thukuta, nsagwada zitalumana. M'chipindamo munalibe choopsa chilichonse. Maganizo okha ndiwo ankayendayenda: ngongole, ntchito yosatha, mawu amene ndinalakwitsa masana. Kukacha thupi lonse linkakhala lolobodoka ngati sindinagone n'komwe.

Kuchipatala anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi komanso chithokomiro, popeza chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso chimathamangitsa mtima chimodzimodzi ndi nkhawa. Zonse zinali bwino. Apa m'pamene ndinatembenukira ku zitsamba.

Ndinayamba ndi chamomile, timaluwa toyera tachikasu pakati. Masiku oyamba ndinkangothira madzi otentha n'kumwa pompo, ndipo zinkangokhala ngati madzi achikasu opanda kanthu. Kenako ndinaphunzira kuvundikira. Ndimatapa supuni yodzadza ya maluwa ouma, n'kuthira madzi owira, n'kuika kambale pamwamba pa kapu kwa mphindi 10. Povundukula, kunsi kwa kambaleko kumakhala kutalendewera timadontho. Timeneto ndimatigwedezera m'kapu momwemo, chifukwa mafuta onunkhira a duwali amathawira mu nthunzi. Fungo lake limakhala ngati la apozi wakupsa, ndipo dzina lakelo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza apozi wa pansi.

M'maluwawa muli chinthu chotchedwa apigenin. Chimakamatirira muubongo pamalo omwe pamagwiranso mankhwala ochepetsa nkhawa monga diazepam, pamene pamadutsa GABA, amene ali ngati mabuleki a minyewa, koma chimagwira mofooka kwambiri. Mu 2009 ofufuza a pa University of Pennsylvania anayesa makapisozi a chamomile pa anthu odwala nkhawa yosatha kwa milungu 8, ndipo nkhawa inatsika kuposa mwa amene ankamwa makapisozi opanda mankhwala, ngakhale kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Pa kafukufuku wotsatira wa mu 2016 ankapereka mamiligalamu 1,500 patsiku. Kapu yanga ya tiyi siyandikira n'komwe mlingo umenewo.

Komabe imandithandiza, ndipo ndikunena zoona. Siichotsa nkhawa, imangoifewetsa kuti ndithe kuinyamula. Ndikukhulupirira kuti mbali ina ya thandizolo ili m'mphindi 10 zodikira zija. Foni imakhala kutali, manja atagwira kapu yotentha, ndipo ndimapuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalika kuposa poukoka. Kapumidwe kotere kamatsitsa kugunda kwa mtima pakokha. Sindidzivutitsa n'kulekanitsa kuti gawo la duwa ndi liti, la kupuma ndi liti.

Chitsamba china chotchedwa lemon balm ndinachionjezera pambuyo pake, masamba angapo m'kapu yomweyo, ndipo amandiyanja makamaka nkhawa ikatsikira m'mimba. Valerian, chitsamba chothandiza kugona, ndinamuyesa masiku ochepa chabe. Muzu wake umanunkha ngati sokosi zovalidwa kale, ndipo m'mawa ndinkadzuka mutu uli wolemera, choncho ndinamusiya. Lavenda amene anayesedwa bwino ndi kapisozi ya Silexan ya mamiligalamu 80 yochokera ku Germany. Mafuta a lavenda a m'timabotolo aja ndi onunkhiza basi, si akumwa. Ine ndimangodontheza kamodzi pa kansalu n'kukaika pambali pa pilo.

Chimene chimandiwawa ndi mmene timapatsirana zitsamba mwachikondi koma osafunsana. Mnzanga wapamtima ataona mmene ndinkavutikira anandibweretsera botolo la chitsamba chotchedwa St John's wort. "Ndi zachilengedwe izi, sizingakupweteke," anatero. Ndisanayambe kumwa ndinakalionetsa kwa katswiri wa mankhwala ku famase. Analitembenuza, n'kundiyang'ana.

"Mayi, kodi mukumwa mapiritsi akulera?"

Ndinavomera.

"Ndiye ichi musachikhudze."

Anandifotokozera kuti chitsambachi chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, moti amatuluka m'thupi asanagwire ntchito mokwanira. Mapiritsi akulera amafooka, warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) amafooka, ma ARV ambiri nawonso amafooka. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za zimenezi mu 2000, zitadziwika kuti chimatsitsa kwambiri indinavir, mtundu wina wa ma ARV, m'magazi. Ukachiphatikizanso ndi mankhwala a matenda a maganizo monga fluoxetine, serotonin, chinthu chotumiza mauthenga muubongo, amatha kuchuluka mpaka munthu kudwala koopsa. Ndinatuluka mufamasemo miyendo ikunjenjemera. Pabotolo la mnzangayo panalibe chenjezo lililonse limene ndikanalimvetsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga kaye. Kava, muzu wa kuzilumba za Pacific umene umakhazikadi mtima pansi, analetsedwa ku Germany mu 2002 chifukwa cha anthu amene chiwindi chawo chinawonongeka. Ashwagandha, muzu wina umene ukutamandidwa kwambiri pa intaneti, Denmark inauletsa mu 2023, ndipo si wa amayi oyembekezera kapena anthu a vuto la chithokomiro. Ngakhale chamomile wanga wofatsayu amatulutsa zidzolo kapena kutupitsa anthu ena amene thupi lawo limadana ndi maluwa a mtundu umenewu, ndipo womwa warfarin ayenera kufunsa kaye dokotala.

Chimene chinandithandiza kwenikweni chinali kukhala pansi ndi mlangizi, kuphunzira kugwira ganizo loopsa likangoyamba n'kulifunsa ngati lili loona. Ngati nkhawa ikukulepheretsani kugwira ntchito, pachifuwa pakupweteka, kapena mukuganiza zodzivulaza, chonde musadikire tiyi, pitani kuchipatala lero lomwe.

Masiku ano ndimadzidzimukabe usiku, koma mwa apo ndi apo. M'chikwama changa ndimasunga kapepala kamene ndinalembapo chamomile, lemon balm ndi lavenda, ndipo dokotala aliyense akafuna kundilembera mankhwala ndimayamba ndamupatsa kapepalako.