Kusaka malume mtchona m'mafayilo a chuma cha masiye: sabata yachinayi

Masabata atatu ndakhala ndikutsegula mafayilo a chuma cha masiye a Transvaal, chigawo chakale cha ku South Africa, pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti losakirapo mbiri ya makolo, usiku uliwonse, kusaka malume awo a mayi anga omwe adapita ku Joni pa Wenela osabwereranso. Dzina lawo ndalilemba m'njira zonse zomwe kalaliki wachizungu akadalipotozera, koma ayi ndithu.

Lachiwiri m'pamene ndidazindikira kuti ndimagogoda khomo lolakwika. Mafayilo amenewa ndi a ofesi ya Master of the Supreme Court, yoyang'anira chuma cha anthu omwalira. Pansi pa lamulo la 1927, Black Administration Act, chuma cha munthu wakuda womwalira wopanda wilo sichinkapita kumeneko, chinkagawidwa kwa komishinala kapena kwa majisitireti. Tsankho limeneli lidathera pa mlandu wa Bhe, womwe khoti la malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidagamula mu 2004. Zidandiwawa kuona kuti ngakhale atamwalira, anthu athu ankawaimika pamzere wawowawo.

Komabe masabatawa sadapite pachabe. Ndaphunzira kuwerenga death notice, pepala lomwe limakhala koyambirira kwa fayilo: komwe munthu adabadwira, mayina a makolo ake, mkazi kapena mwamuna wotsala, kenaka ana, akuluakulu ndi aang'ono. Tsamba limodzi, mibadwo itatu.

Loweruka ndidapita kwa mayi aang'ono kukawafotokozera zimenezi. Adangoti, "Dikira mwanawe," n'kutulutsa chitini cha mabisiketi chadzimbiri pansi pa bedi. M'katimo mudali kalata yopindidwa kanayi, yodyedwa ndi njenjete m'mbali, ndipo chidindo chake chidafufutika. Yalemba katundu wa malemuwo: njinga, makina osokera, mabulangete awiri. Pansi pake pali dzina la mkazi ndi la mwana wamkazi, mayina achisutu. Kwathu palibe ankadziwa kuti adakwatira kumeneko. Mayi aang'ono adaigwira kalatayo nthawi yaitali osayankhula, chala chili pa dzina la mwanayo.

Chandivuta n'chakuti mapepalawa saudziwa ubale wathu. Amatsata mwamuna, mkazi wake ndi ana ake, pomwe ife timawerenga mbumba kudzera kuchikazi. Alongo a malumewo, agogo anga, omwe adalira maliro opanda mtembo, satchulidwa paliponse. Choncho m'kope langa ndajambula mizere iwiri, wa pepala ndi wa kumudzi.

Sabata yamawa ndiwajambula mawu mayi aang'ono pa foni, kenaka ndilembera msuweni wanga ku Johannesburg kuti akafunse komwe mafayilo akale a majisitireti amasungidwa. Mwana uja akhoza kukhala kuti ali moyo.