Bizinesi yathu yopatsa AI mabuku a pulotokolo kuti izifufuza isanalembe khodi

Mwezi uno tamaliza kusamutsa makasitomala athu onse kuchoka pa seva yalendi ya kunja. Mabuku awo a pulotokolo, ofotokoza malamulo a mmene makompyuta ndi zipangizo zimalankhulirana, tsopano akukhala pa kompyuta zawo, ndipo kufufuzamo sikudaliranso netiweki. Tikunyadira kwambiri, chifukwa ntchito imene tinaiyamba pofuna kudzithandiza tokha yasanduka chinthu chimene anzathu olemba mapulogalamu akulipira ndi mtima wonse.

Vuto limene tinabwera kudzathetsa aliyense amene anagwiritsapo Claude Code, Cursor kapena GitHub Copilot pa ntchito ya pulotokolo amalidziwa. Othandizira a AI amenewa amalemba khodi yooneka bwino, koma manambala a pulotokolo amawatenga pamtima. Pulotokolo ilibe zoti "pafupifupi". Mu SMPP 3.4, imene ambiri timatumizira SMS, lamulo la submit_sm ndi 0x00000004 ndipo yankho lake ndi 0x80000004. Mukaphonya nambala imodzi, seva ya mbali inayo imakukanani. Choipa kwambiri n'chakuti AI inawerenga mitundu yonse ya chikalata chimodzi, yakale ndi yatsopano, ndipo imaisakaniza mosazindikira. HTTP/1.1, pulotokolo ya mawebusayiti, inalembedwa mu 1999 m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 2616, chikalatacho chinalowedwa m'malo ndi RFC 7230 mpaka 7235 mu 2014, ndipo izonso zinalowedwa m'malo mu 2022 ndi RFC 9110 ndi zinzake, koma pa intaneti zolemba zotchula 2616 zidakali mbwee. Pa MQTT, pulotokolo imene zipangizo zing'onozing'ono zimatumizirana mauthenga, zimapweteka kuposa apo. Mtundu wa 3.1.1 umaika 4 pa byte yonena mtundu wa pulotokolo mu uthenga woyamba wa CONNECT, pamene 5.0 imaika 5 n'kuwonjezera gawo la properties. Wothandizira akalemba 4 koma n'kuikamo properties, broker, seva yolandira mauthengawo, amawerenga ma byte amenewo ngati chiyambi cha dzina la chipangizo, n'kudula kulumikizana popanda kufotokoza zambiri.

Kumata PDF yonse m'bokosi lochezera si mankhwala. Zikalata zimenezi zimakhala za masamba mazana, token iliyonse, kachidutswa ka mawu kamene AI imawerenga, imalipiridwa, ndipo mzere umodzi wofunikawo umamira m'kati mwa zina zonse. Chofunika n'chakuti wothandizirayo azifunsa yekha pa nthawi imene wafuna, n'kulandira gawo lokhalo limene likumukhudza.

Njira inatseguka mu November 2024 pamene Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP. Ndi mgwirizano wa mmene wothandizira amalankhulira ndi pulogalamu yakunja pogwiritsa ntchito mauthenga a JSON-RPC 2.0. Wothandizira amatumiza tools/list kuti adziwe zida zimene zilipo, kenako tools/call akafuna kugwiritsa chimodzi. Seva yathu ili ndi zida zitatu zokha. Choyamba chimatchula mabuku amene alipo ndi mitundu yake. Chachiwiri chimafufuza, ndipo chimabweza zotsatira zisanu, chilichonse ndi mizere yochepa yolawitsa. Chachitatu chimabweza gawo lathunthu wothandizira akatchula nambala yake. Tinakana kuwonjezera zida zina, chifukwa zikachuluka wothandizira amasokonezeka posankha. Mawu ofotokozera chida chilichonse timawalemba mosamala kuposa khodi yake, pakuti AI imasankha kuitana chida potengera mawu amenewo. Pa chida chofufuzira, mtundu wa pulotokolo ndi wokakamiza: wothandizira akafunsa za MQTT osanena kuti 3.1.1 kapena 5.0, seva imamubwezera funso m'malo mwa yankho.

Ntchito yaikulu ili pa kudula mabuku. Zida zambiri zimadula chikalata potengera kuchuluka kwa zilembo, ndipo mpeni umagwera paliponse, ngakhale pakati pa tebulo la minda (zigawo) ya uthenga. Theka la tebulo ndi loopsa kuposa kusowa tebulo, chifukwa wothandizira amaona ngati wapeza zonse. Ife timadula potsata mitu ya chikalatacho. Chidutswa chilichonse chimanyamula dzina la buku, mtundu, nambala ya gawo, mitu ya pamwamba pake, ndiponso chizindikiro chonena ngati chikalatacho chinalowedwa m'malo ndi china. Gawo likatalika kwambiri timalidula pa ndime, koma tebulo sitiligawa, ndipo likadutsa tsamba timabwereza mutu wake. Ma RFC akale ali ndi mavuto awoawo: tsamba lililonse lili ndi mutu ndi mzere wapansi, ndipo pakati pa masamba pali chilembo cha form feed. Zonsezi timachotsa. Koma zojambula za ma bit, zija amazipanga ndi mizere ndi timitanda, sitikhudza mpata wake ngakhale umodzi, chifukwa mpata ukasuntha, munda wa ma bit 4 umaoneka ngati wa 8. Mawu a MUST, SHOULD ndi MAY amene RFC 2119 inawapatsa tanthauzo mu 1997 timawasunga m'zilembo zazikulu mmene alili, poti RFC 8174 inanenetsa kuti mphamvu yawo ili pamene alembedwa choncho. Zokonza zimene zinavomerezedwa pambuyo pake, zija amati errata, timazimata pansi pa gawo limene zikukonza.

Pofufuza timagwiritsa nkhokwe ya deta ya SQLite ndi chida chake chofufuzira mawu cha FTS5, chimene chimasanja zotsatira ndi njira ya BM25. Ena amadabwa kuti sitinadalire embeddings zokha, njira yofufuza potengera kufanana kwa tanthauzo la mawu. Embeddings zimathandiza pa funso lofotokoza, monga lakuti kulumikizana kumasungidwa bwanji kuti kusafe, koma pa dzina lenileni zimakubweretsera zofanana nalo, pamene iwe ukufuna lomwelo. Kwa izo, submit_sm ndi deliver_sm ndi pachibale, koma pa waya ndi malamulo awiri oyenda mbali zosiyana. FTS5 nayonso ili ndi misampha iwiri. Tokenizer yake ya unicode61, imene ndiyo imadula mawu, imaona kamzere kapansi ngati kolekanitsa mawu, ndiye enquire_link amasweka kukhala mawu awiri. Mankhwala ake n'kuika kamzereko mu tokenchars popanga tebulo. Msampha wina ndi wa kamzere kapakati: Content-Length ikalowa mu MATCH yopanda zizindikiro zogwira mawu, FTS5 imaiwerenga ngati lamulo n'kubweza cholakwika. Mawu alionse ochokera kwa wothandizira timayamba tawatsekera m'zizindikirozo.

Kwa amene akufuna kudzipangira yawo, chenjezo limodzi: seva ya MCP yoyenda pa stdio, njira wamba yolowetsera ndi kutulutsira mawu mu pulogalamu, imalankhula ndi wothandizira kudzera pa stdout, ndiye print imodzi yoiwalika imaipitsa mauthenga onse, chida n'kusowa pa mndandanda. Zolemba za log zizipita ku stderr.

Nthawi yowawa kwambiri pa bizinesi ino inabwera chifukwa cha zilembo zitatu. Kasitomala wathu wina amatumiza mameseji a malisiti kudzera kwa kampani ina yogulitsa njira ya SMS. Wothandizira anafufuza bwinobwino, anapeza gawo la data_coding, lonena alifabeti ya uthenga, mu SMPP 3.4, ndipo anaika 0. Chikalata chimati 0 ndi alifabeti imene SMSC, seva yotumiza ma SMS, yasankha kukhala yake yanthawi zonse, koma sichinena kuti ndi iti, chifukwa zimenezo mwini seva ndiye amasankha. Pepala limene kampaniyo inapereka linali chithunzi cha PDF yakale, ndipo silinatchule kanthu za alifabeti. Khodi inatumiza zilembo monga ASCII, seva inaziwerenga monga GSM 03.38. Zilembo wamba ndi manambala zimagwirizana m'ma alifabeti awiriwa, ndiye poyesa zonse zinkaoneka zabwino. Koma 0x40, imene mu ASCII ndi @, mu GSM ndi ¡. Chizindikiro cha $ chinkatuluka ngati ¤, kamzere kapansi ngati §. Ma adiresi a imelo ndi manambala a malisiti anafika pa mafoni a anthu ali opotoka. Kasitomala anaimitsa malipiro, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti anthu ake ndi amene ankamuimbira. Mbiri inayenda pakati pa anzathu kuti chida chathu chimanama, ndipo ena amene tinali pafupi kugwirizana nawo anabwerera m'mbuyo. Ogulitsa njirawo, titawafunsa, anangoti zimenezo aliyense amazidziwa. Mawu athu kwa iwo ndi ena onse ochita chimodzimodzi ndi awa: ngati mukulandira ndalama mwezi ndi mwezi, lembani tsamba limodzi lonena mmene seva yanu imachitira. Chinthu chosalembedwa sichidziwika, kwa munthu ngakhale kwa makina.

Pamenepo m'pamene panabadwa gawo limene lero timaliona kuti ndi mtima wa ntchito yathu. Buku lililonse lili ndi nsanjika ziwiri. Yoyamba ndi chikalata chenicheni cha pulotokolo. Yachiwiri ndi zolemba za wogulitsa chipangizo kapena njira, kuphatikizapo zimene tazitsimikiza poyang'ana ma byte enieni pa Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki. Sitizisakaniza. Yankho lililonse limanena kuti ili lachokera m'chikalata, gawo lakuti, ndipo ili lachokera kwa wogulitsa wakuti. Paliponse pamene chikalata chasiyira mwini seva kusankha, timaikapo chizindikiro chouza wothandizira kuti afunse munthu, asalote. Modbus, pulotokolo yolankhulira ndi zipangizo monga ma inverter a sola, ili ndi malo otere ambiri. Regista (malo osungira nambala m'chipangizo) imene pepala la inverter limaitcha 40001, pa waya ndi adiresi 0, ndipo ogulitsa ena amawerenga kuyambira 0 pamene ena amayambira 1. Function code 03 imawerenga maregista osapitirira 125 pa ulendo umodzi. Nambala ya ma bit 32 imatenga maregista awiri, koma chikalata sichilamula kuti liyambe ndi liti, ndiye mphamvu ya sola ingaoneke ngati mamiliyoni chifukwa chongotembenuza awiriwo.

Nsanjika yachiwiriyi imasunganso zakwathu. Chilembo cha ŵ mulibe mu alifabeti ya GSM 03.38. Uthenga wokhala ndi ŵ mmodzi yekha uyenera kupita m'alifabeti ina ya UCS-2, data_coding 8, ndipo malire amatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70. Ukakhala wautali wogawidwa m'zigawo zolumikizana, chigawo chilichonse chimanyamula 67 m'malo mwa 153. Meseji ya zilembo 150 imene ikanalipiridwa kamodzi imalipiridwa katatu. Wothandizira amene ali ndi chida chathu amakuchenjezani zimenezi musanatumize kwa anthu masauzande, ndipo chisankho chosunga ŵ kapena kulemba w chimakhala chanu.

Za ndalama sitibisa. Seva yakunja imalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wolipira zinthu zakunja anaumva ululu wake mpaka lero, osanenanso za kuvuta kopeza madolawo. Obwereketsa ndalama amene tinawafikira anafuna chikole cha malo kapena galimoto. Makontirakiti osainidwa sanafune n'kuwaona komwe, ndipo chiwongoladzanja chimene ananena chikanadya phindu lonse. Zikuoneka kuti kwa iwo bizinesi ndi imene ili ndi katundu wogwirika basi. Kukana kwawo ndi kumene kunatikankhira ku njira imene tili nayo lero: fayilo imodzi ya SQLite pa laputopu ya kasitomala, seva yaing'ono pa stdio, palibe lendi. Wothandizira wa AI amafunabe intaneti kuti aganize, koma mabuku ali pomwepo, ndipo inuyo mungafufuzemo ndi manja ngakhale netiweki itagwa. Njirayi inathetsanso nkhani ya umwini. Ma RFC ndi aulere, koma zikalata monga ISO 8583 ya malipiro a makadi zimagulidwa. Sitigawa makope a zikalata zotere. Timakonza kope limene inu munagula, pa kompyuta yanu, ndipo silichoka pamenepo.

Tikuthokoza kasitomala uja amene anaimitsa malipiro koma sanatitsekere khomo, ndipo anatilola kukhala pa makina ake mpaka gwero la vuto litaoneka. Tikuthokoza akatswiri oika sola amene anatibwereka ma inverter ndi zingwe za RS-485 kuti tiyese maregista pa chipangizo chenicheni. Zikomo kwa ophunzira amene anakhala nafe kufananiza matebulo mzere ndi mzere ndi PDF yoyambirira, ntchito yotopetsa maso imene palibe amaiyamikira. Zikomo kwa anzathu olemba mapulogalamu amene amatitumizira mafunso amene chida chalephera kuyankha, chifukwa funso lililonse lotere timaliika pa mndandanda woyesera tisanatulutse mtundu watsopano. Sitiiwala anthu osawadziwa amene amasamalira SQLite, Wireshark ndi nkhokwe ya ma RFC kuti tonse tizigwiritsa mwaulere. Mabanja athu anapirira miyezi imene ndalama sizinkalowa, ndipo sanatiuze kuti tikafune ntchito kwina. Mulungu awadalitse onsewa.

Panopa tili ndi mabuku okonzeka a HTTP, MQTT 3.1.1 ndi 5.0, SMPP 3.4, Modbus ndi MCP yeniyeniyo. Timalipiritsa m'makwacha, kamodzi pa buku lililonse, ndipo chikalata chikasintha timakukonzerani. Ngati muli ndi pepala la wogulitsa, likhale PDF kapena chithunzi chojambula pa foni, tibweretsereni pamodzi ndi mafunso khumi amene wothandizira wanu amalakwitsa kawirikawiri. Tidzaika chidacho pa kompyuta yanu, tidzalemba lamulo mu fayilo ya malangizo ya pulojekiti yanu lakuti nambala ya pulotokolo isalembedwe isanafufuzidwe, kenako mufunse mafunso khumiwo inu muli pomwepo. Yankho lililonse lidzabwera ndi nambala ya gawo, mutsegule buku lanu mutsimikize nokha. Mukakhutira m'pamene tikambirane za mtengo. Tilembereni uthenga sabata ino tikuikeni pa ndandanda.