A Chimombo, azakhali anga ndi Kamdothi

Ndaphunzitsa Chichewa ku sekondale zaka 14 tsopano, ndipo zaka 9 zoyambirira nthano ndinkaiyala pabolodi ngati usipa pathandala. Ndikalowa m'kalasi ndinkajambula mabokosi anayi n'kulemba pamwamba pake: ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani, phunziro. Ana ankakopera mwaudongo, ambiri ankakhoza mayeso, ine mtima uli m'malo. Tsiku lina tikusanthula nthano ya Kamdothi, mtsikana wina wa Fomu 3, wofatsa wosayankhulayankhula, anakweza mkono. "Madamu, nanga nyimbo ija tiilembe m'bokosi liti?" Ndinacheukira pabolodi. Bokosi la nyimbo panalibe. Ndinamuyankha kuti nyimbo ndi yongokometsera, ailembe mmunsi ngati malo atsala. Anakhala pansi mwaulemu, koma yankho langalo linandiwawa mpaka kunyumba. Ndinakulira pamiyendo ya anthu oimba nthano imeneyi, ndipo ndinkadziwa kuti ndamunamiza mwana.

Teremu yomweyo, ndikufunafuna zina m'kabati ya m'laibulale, ndinapeza buku litapanikizika pansi pa mulu wa mapepala a mayeso akale, njenjete zitaboola masamba omaliza. Mutu wake unali Malawian Oral Literature: The Aesthetics of Indigenous Arts, lolembedwa ndi Steve Chimombo, lotsindikizidwa ku Zomba mu 1988 ndi Centre for Social Research. Khadi la obwereka linali loyera, lopanda ngakhale dzina limodzi.

Malemu a Chimombo sindinawaonepo ndi maso. Ndinkawadziwa monga tiwadziwira ambirife, kuti ndi aja a ndakatulo za Napolo, koma zoti analinso katswiri wozukuta zolembedwa ndi nkhani zamchezo ndinali ndisanazimve. Anabadwira ku Zomba mu 1945, anaphunzira ku Zomba Catholic, kumene timangoti Box 2, n'kulowa Yunivesite ya Malawi. Atachoka apo anapita ku Wales, ku Leeds, mpaka ku Columbia University ku New York kumene anatenga digiri ya udokotala. Anabwerera kudzaphunzitsa ku Chancellor College mpaka kufika pa upulofesa, ndipo anatisiya mu Disembala 2015.

Munthu woyenda chonchi ukanayembekeza kuti abwera ndi miyeso ya komweko n'kuyamba kuyezera zathu. Iwo anachita zosiyana, ndipo ichi ndicho chinandigwira mtima. Pamsika wa kwathu ku Jali mpunga timayeza ndi chigoba, nsalu ndi tepi, ndipo wina atayeza nsalu ndi chigoba tingamudabwe tonse. Mfundo ya a Chimombo inali yakuti luso la Amalawi liyezedwe ndi muyeso wochokera m'ziyankhulo ndi m'maganizo a eni akewo. Anafika mpaka poumba mawu atsopano, ulimbaso, polumikiza zidutswa za mawu a Chichewa. Simungawamve pamsika kapena pamaliro, koma mukawatchula pang'onopang'ono mumamvamo kuimba, mumamvamonso luso ndi kaso. M'mawu amodziwa anamangamo mafunso atatu: chamudzutsa mmisiriyu kuti apange chinthuchi n'chiyani, wachiumba m'maonekedwe otani, ndipo wachigwira mwaluso lotani. Mafunso omwewa mungamufunse woimba, wovina, wosema, woumba mbiya ndi wokamba nthano. Nditawerenga pamenepa ndinaona chimene chinalakwika pabolodi langa. Mabokosi anga anali oyezera nkhani ya papepala, yowerenga munthu yekha chamumtima. Nthano imakambidwa ndi pakamwa, pagulu, omvera akuvomera.

Tiyeneranso kukumbukira nyengo imene bukuli linatuluka. Chiyambire 1968 chilichonse cholembedwa chinkadutsa m'manja mwa Censorship Board, bungwe la boma loloza kapena kuletsa zolembedwa. Achinyamata amene anayambitsa gulu la alembi la Writers Group ku Chancellor College mu 1970 anaphunzira kuyankhula mokuluwika, kubisa mawu m'nthano, m'zining'a ndi m'nyama zakutchire, kuti womva amve koma wogwira asowe pogwira. Ngakhale zinali choncho, mlakatuli Jack Mapanje, amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pakolejipo, anamangidwa mu Seputembala 1987 ku Zomba komweko, n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda mlandu kuzengedwa mpaka Meyi 1991. Ndiye kuti pamene buku la a Chimombo linkatuluka, mnzawo wa pantchito anali m'chitokosi, mtunda woti munthu n'kupalasa njinga kuchokera ku Chirunga, kumene kuli kolejiyo. Kukhala pansi masiku amenewo n'kumafotokoza mmene mkuluwiko umagwirira ntchito, chikhalirecho mkuluwiko womwewo ndi umene ukukubisa, sinali ntchito ya munthu wamantha.

Sanali okha m'munda umenewu. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wochokera ku Netherlands, anatha zaka zambiri akufufuza za Mbona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo mu 1985 iwo ndi Adrian Roscoe anatulutsa Land of Fire, buku la nthano ndi nkhani zamakolo za kuno. Mbona yemweyo ndi amene a Chimombo anamuika pasiteji m'sewero lawo la The Rainmaker. Ndipo onsewa asanabwere, a John Gwengwe ndi a E.J. Chadza anali atayamba kale kusunga mwambo ndi luso la pakamwa m'Chichewa chenicheni. Koma amene anandituma kumudzi ndi a Chimombo.

Holide ya Ogasiti ndinakwera minibasi, foni ili m'chikwama, cholinga ndikajambule mawu a azakhali anga akukamba Kamdothi. Ndinafika masana ndipo ndinawapempha pomwepo. Anandiyang'ana n'kuseka. "Mwanawe, sukulu yakuiwalitsa? Nthano masana? Dikira nkhuku zilowe." Tinadikira. Titadya nsima anakankhira zitsononkho pamoto, adzukulu asanu ndi mmodzi atazungulira, mbatata zitakwiriridwa m'phulusa.

"Padangokhala."

"Tilitonse!"

Nkhaniyo mukuidziwa. Mayi wosowa mwana anapita kudambo, anakumba dongo n'kuumba kamwana, kamwanako kanakhala ndi moyo. Lamulo linali limodzi: mvula isakakhudze. Mitambo ikangoda, mayi ankaima pakhomo n'kuimba kuitana, "Kamdothi, thawa mvula." M'buku lililonse nkhaniyi imakwana theka la tsamba. Azakhali anaikamba pafupifupi mphindi 20, ndipo nyimbo ija anaiimba kanayi, koma palibe ulendo umene inafanana ndi unzake. Koyamba anaiimba mosangalala, akuwomba m'manja, ana akuvomera mokuwa. Kachiwiri chimodzimodzi koma mofulumirirapo. Kachitatu, Kamdothi atapita kukasewera kutali, anaimirira pang'ono pamkeka, dzanja pachipumi ngati akuyang'ana kuseri kwa phiri, mawu atakwera. Kachinayi sanawombe m'manja. Anaiimba motsitsa, mawu akunjenjemera, n'kuilekeza pakati osaimaliza. Ana anafuna kuvomera koma panalibe chovomera. Kamdzukulu kakang'ono kanafunsa kuti, "Agogo, wafika?" Iwo sanayankhe. Anangotambasula manja awiri, zala zili pansi, ngati matope akuyenderera. Kenaka anati, "Kaphuleni mbatata," ana n'kuyankha motsitsa kuti zapserera.

Zoti Kamdothi wasungunuka azakhali sanazitchule ndi pakamwa. Imfa yake inali m'nyimbo yodukizayo. Chinthu chimene ine ndinauza mwana wa sukulu kuti n'chongokometsera ndicho chinanyamula nthano yonse.

Usiku wotsatira ndinaona china chimene sindinachiyembekeze. Mnyamata wa achimwene anga, wa Sitandade 8, anati nayenso akambe yake ya Kalulu ndi Njovu. Anaikamba bwinobwino, osaphonya kanthu, ndipo pabolodi langa akanakhoza mabokosi onse anayi. Atamaliza azakhali anapukusa mutu. "Wathamanga nayo ngati ukuthawa galu. Njovu ndi Kalulu ayankhula mawu amodzi, tidziwa bwanji wamkulu? Komanso anzako sunawapatse mpata woti avomere. Ilibe mchere." Mnyamata anati abwereze. Anamulola, ndipo pamene Njovu inayankhula ndi mawu a pansi pamimba, iwo anati, "Eya, tsopano yapsa."

Ndinakhala chete ndikuganiza kuti uku ndiye kuzukuta kumene timakuphunzira ku koleji ndi mawu ataliatali. Azakhali sanapite patali ndi sukulu, koma ali ndi muyeso, ali ndi mawu ake a muyesowo, ndipo amadziwa kudzudzula mopatsa munthu mtima wobwereza. Ntchito ya wozukuta ndi ya lichero, kupeta kuti mankhusu apite, maso a mpunga atsale. Masiku ano pa Facebook munthu akatulutsa ndakatulo timangoona awiri, womutamanda chifukwa ndi mnzake ndi womunyoza chifukwa si mnzake. Wonena kuti apa wathamanga, apa mchere wachepa, bwereza, ndi amene akusowa.

Pali pamene ndimasiyana nawo a Chimombo, ndipo ndinena poyera chifukwa iwonso anali munthu wa mtsutso. Buku lonena kuti tiyeze zathu ndi muyeso wathu linalembedwa m'Chingerezi, Chingerezi chake cha ku yunivesite. Azakhali sangaliwerenge, ana anga a Fomu 3 angalivutikire. Mawu oti ulimbaso nawonso sanamere mizu pakamwa pa anthu, anatsalira m'mapepala a ophunzira. Ndimaona kuti mawu monga kupsa, mchere, kuzizira, kuthamanga nayo, amene anthu akuwagwiritsa kale ntchito pamkeka, akanayenda mtunda wautali kuposa mawu oumbidwa muofesi. Komabe ndikanapanda kuwerenga za ulimbaso sindikanatchera khutu kwa azakhali. Ndikanangoti agogo akukalipira mdzukulu.

Ndipo sindinganene kuti iwo anadzitsekera ku Chirunga. Anayambitsa magazini ya WASI, yolemba za alembi, oimba, ojambula ndi azisudzo a m'dziko muno, pa nthawi imene wolemba wachinyamata analibe malo ambiri oti ntchito yake iunikidwe. Ntchito yotere ilibe phindu la ndalama, ndipo kawirikawiri amene wamuunika sakuthokoza.

Za Napolo ndiye zinandibwerera mwamphamvu mu Malichi 2023. Pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, wailesi inkanena za namondwe, koma m'minibasi ndi pazitsime anthu ankati Napolo wadutsa. Ndi mawu omwe ananenedwa ku Phalombe mu 1991, ndi omwenso ananenedwa ku Zomba mu Disembala 1946, a Chimombo ali khanda la chaka chimodzi. Iwo anaona kale kuti chinjoka cha pansi pa phirichi ndi njira imene anthu athu amakambira chiwonongeko chobwera mwadzidzidzi, chopanda wochiletsa, kaya ndi cha madzi kaya ndi cha anthu olamula. Anachitenga mwaulemu ngati nzeru, osati ngati umbuli wofunika kuuchotsa, ndipo anakhala nacho moyo wawo wonse, kuyambira Napolo Poems mu 1987 mpaka The Wrath of Napolo mu 2000.

Mabokosi anayi aja ndimawajambulabe, poti mayeso amafunsa zimenezo ndipo sindingawataye ana. Koma tisanafike pabolodi timakankhira madesiki kukhoma. Ndimayatsa foni, mawu a azakhali amadzaza kalasi pamodzi ndi kulira kwa nkhululu za ku Jali, ndipo ana a m'tauni amene amati nthano n'zachimidzi amapezeka akuvomera "Tilitonse" osauzidwa. Tikatero mmodzi amakamba yake, anzake n'kumuuza pamene yapsa ndi pamene yazizira.

Mtsikana uja ndinamupepesa pamaso pa kalasi lonse teremu yotsatira, ndipo ndinamubwereka bukulo. Analisunga milungu itatu. Pobweza anati Chingerezi chake n'chowuma, wamva pang'ono chabe, koma anafunsa ngati angajambule mawu a agogo ake a ku Mayaka pa holide, poti iwo Kamdothi amamuimba mosiyana. Dzina lake ndi lachiwiri pa khadi lija, pansi pa langa.