Galimoto ya mawaya ya Formula 1, sabata ya 6: anthu a matayala aima

Galimoto yeniyeniyo ndinaimaliza pa sabata yachiwiri. Ndinagwiritsa ntchito waya wa mahang'ala, mphira ya chubu chakale, ndi chitini chimodzi cha zakumwa chomwe ndinadula mapiko akutsogolo ndi akumbuyo. Manjawa akukumbukabe za ku Ndirande, komwe tinkapinda mawaya mpaka zala kutupa. Chomwe chandidyera masabata anayi otsatirawa ndi anthu ozungulira galimotoyo, chifukwa ndikufuna pit stop yonse, pamene galimoto imaima kusintha matayala pakati pa mpikisano, ikhale pa thabwa limodzi. Pofika usiku wathawu, anthu 14 mwa 20 aima pamalo awo.

Sindinafune kungopinda tianthu tofanana n'kutimwaza. Aliyense ali ndi ntchito yake, ndipo thupi lake liyenera kuonetsa ntchitoyo. Tayala lililonse limakhala ndi anthu atatu: wa gani yomasulira ndi kumangira nati, wochotsa tayala lakutha, ndi woika latsopano. Matayala anayi, anthu 12. Awiri enawo ndi a jeke, wakutsogolo ndi wakumbuyo.

Wa gani ndi amene wandivutitsa kwambiri. Ndakhala ndikuonera kanema mmodzi pafoni mobwerezabwereza, ndikuimitsa pang'onopang'ono, mpaka ndinaona chinthu chomwe poyamba chinkandiphonya. Munthuyu sadikira kuti galimoto iime. Amagwada, gani ili kale m'mwamba, ndipo amayamba kuilondola nati tayala likadali kugubuduka. Choncho anayi anga oyamba aja, omwe anagwada mowongoka ngati ali m'tchalitchi, ndinawamasula n'kuyambanso. Atsopanowa apendekera kumene galimoto ikuchokera, zigongono zatuluka kunja. Gani ndapangira kachidutswa ka bolopeni, ndipo paipi ya mpweya ndi chingwe cha mahedifoni akufa chomwe ndachikoleka kuchokera pamwamba.

Mwina ndimawaganizira chonchi chifukwa ntchito yanga ndi yomweyi. Kuno ku Johannesburg ndimasintha matayala pagalaja ina chakumwera kwa tauni, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto wamba imakhala ndi manati anayi kapena asanu pa tayala, ndipo ndikachita changu imanditengera mphindi zingapo. Ya Formula 1 ili ndi nati imodzi yokha pakati. Mu 2023 ku Qatar, anyamata a timu ya McLaren anasintha matayala onse anayi a dalaivala Lando Norris m'masekondi 1.80. Ine nthawi imeneyo ndimakhala ndisanatole n'komwe sipanala.

Koma nkhani yomwe imandikhudza mtima ndi ya Valtteri Bottas, dalaivala wa Mercedes pa nthawiyo, ku Monaco mu 2021. Anali wachiwiri pa mpikisano, analowa kukasintha matayala, gani inakhala mopendekera pa nati ya tayala lakutsogolo kudzanja lamanja n'kudya mano ake onse. Tayala linakana kutuluka, mpikisano wake unathera pomwepo, ndipo natiyo anakaichotsera ku fakitale ya Mercedes ku Brackley, ku England, patapita masiku pafupifupi awiri. Aliyense amene anagwirapo gani amaudziwa msokoso umene umamveka nati ikadyeka, ndi mmene m'mimba mumazizirira. Ine zinandichitikira mwini galimoto mmodzi ataima pambali panga. Mnzathu wa gani wa Mercedes uja zinamuchitikira dziko lonse likuyang'ana. Wa gani wa mbali imeneyo pa thabwa langa ndamupinda mosamala kuposa onse.

Wa jeke yakutsogolo ndamuimika pamphuno penipeni pa galimoto. Taganizani, galimoto imabwera mu pit lane, kamsewu kolowera kokasinthira matayala, pa makilomita 80 pa ola, iye ali chiimire kutsogolo kwake, kudalira kuti dalaivala aponda mabuleki pa mzere. Jeke yake ili ndi chogwirira chokhota kuti azitha kupatukira pambali galimoto isanatsike. Ndayesa kupanga yanganso kuti izikhota, koma waya wake ndi wofewa, ikumagwa. Loweruka ndikafuna sipoko ya njinga.

Lamlungu alamu anga anabwera kuchokera ku Tembisa, anayang'ana thabwalo n'kufunsa kuti, "Alamu, nanga dalaivala ali kuti? Si ndiye mwini masewerawa?" Ndinawaonetsa kamkanda kofiira komwe kakusuzumira pakati pa galimoto. "Ndi ameneyo, alamu. Pa masekondi awiri amenewa ntchito yake ndi kuima pamzere basi." Anaseka, koma anakhala nthawi yaitali akuwerenga anthu a matayala ndi chala.

Ndinawafotokozeranso kuti anthu amenewa si olembedwa kudzangosintha matayala ayi. Ndi amakanika omwewo amene amamanga ndi kuphwasula galimotoyo sabata yonse, ena oyang'anira zida, ndipo pa tsiku la mpikisano amavala zipewa zachitetezo n'kukhala pampando kudikira kuitanidwa. Mu 2024 mipikisano inalipo 24, m'maiko osiyanasiyana. Ife amene tinasiya ana kumudzi tikudziwa kuti kukhala kutali ndi kwanu kotereku kumatanthauza chiyani.

Thabwa lachiwiri lidzakhala la anthu okhala pakhoma la m'mbali mwa pit lane, a mahedifoni ndi makompyuta. Pamenepo pali injiniya yemwe amalankhula ndi dalaivala pa wailesi, monga Gianpiero Lambiase, injiniya wa dalaivala Max Verstappen, komanso woganiza nthawi yoyenera kulowa ndi mtundu wa tayala, ntchito yomwe Hannah Schmitz anadziwika nayo ku Red Bull. Kuchokera 2010 sathiranso mafuta pakati pa mpikisano, ndiye nzeru zambiri zili pa matayala. Ndikufunanso kuikapo munthu mmodzi wa pensulo ndi pepala, chikumbutso cha Rory Byrne, wobadwira ku Pretoria, yemwe anaphunzira pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein n'kudzajambula magalimoto a Ferrari amene Michael Schumacher anapambana nawo. Ndikamadutsa ku Braamfontein pa tekisi ndimamukumbukira. Bwalo la mipikisano ya magalimoto la Kyalami nalo lili pompano ku Midrand, ngakhale Formula 1 inathamangako komaliza mu 1993, Alain Prost atapambana.

Otsala pa thabwa loyambali ndi 6: awiri ogwira galimoto m'mbali kuti isagwedezeke ili pa jeke, awiri osintha phiko lakutsogolo, ndi awiri a majeke apadera odikira ngati oyamba atakanika. Pambuyo pake ndipange shelefu ya matayala ovala mabulangete awo otenthetsera. Nsalu yake ndapeza kale, ndi sokosi yakuda yomwe inatha chidendene. Waya wa mahang'ala watsala wokwana anthu atatu okha, ndiye amene ali nawo osagwiritsa ntchito chakuno ku Turffontein andisungire, ndidzatenga ndikaweruka Lachisanu.