Injini ya dizilo mu Land Rover ya bambo anga

Land Rover yomwe bambo anga anandisiyira ndi Series III yaifupi ya chaka cha 1982, ndipo kuyambira kale yakhala ikuyendera injini ya petulo ya malita 2.25, yomwe ndi yolimba ndithu koma imamwa mafuta mopanda chifundo. Ulendo uliwonse wa ku munda ku Rumphi unkanditha m'thumba, ndipo masiku omwe petulo ankasowa ndinkangoiyang'ana itaima pabwalo pathu ku Zolozolo, udzu ukumera pansi pake. Ndinaganiza zoika injini ya dizilo, ndipo chifukwa ndalama zolipira galaja ndinalibe, ntchito yonse tinaigwirira panyumba ndi amalume anga, omwe anagwira umakaniko zaka zambiri asanapume.

Injini tinaipeza ku Luwinga, yochotsedwa mu Discovery yomwe inachita ngozi. Ndi 200Tdi ya malita 2.5, ya mtundu womwe Land Rover inkaika m'ma Discovery kuyambira 1989 mpaka 1994. Chomwe chinandikopa n'chakuti ilibe kompyuta: pampu yake ya Bosch imagwira ntchito payokha, ndipo waya umodzi wopita ku solenoid, kavalavu ka magetsi ka pa pampuyo, ndi womwe umatsegula kapena kutseka mafuta. Isanalowe m'galimoto tinasintha lamba wa timing, kilatchi ndi silo yotchinga oyilo ya kumbuyo kwa crankshaft, pakuti zinthu zimenezi n'zosavuta injini ili pansi, koma ikalowa zimafuna kuphwasula theka la galimoto.

Kunyamula kunali kwa tsiku limodzi. Tinaimika mitengo itatu ya bulugamu, n'kukoleka chain block pamwamba, n'kuphimba ndi lona poopa mvula ya kuno ku Mzuzu yomwe sidziwa kalendala. Injini yakale inatuluka m'mawa, yatsopano inakumana ndi giyabokosi dzuwa lisanalowe, titangosuntha mabawuti angapo kuti agwirizane ndi mabowo. Ndinakondwa msanga, osadziwa kuti miyezi iwiri yotsatira idzathera pa tizinthu tomwe palibe amatitchula akamakuuza kuti injiniyi imangolowa.

Choyamba chinali turbo, chipangizo choyendetsedwa ndi utsi chomwe chimakankhira mpweya wambiri mu injini. Pa injini ya Discovery imakhala m'munsi, pafupi kwambiri ndi chassis ya Series, moti paipi ya utsi imasowa podutsa. Ena amaichotseratu n'kumayenda ndi injini yopanda turbo, ndipo lero ndimaona kuti amenewo si opusa. Ife tinaisiya, tinaitembenuza pang'ono, kenako mnyamata wina wowotcherera anatipangira paipi yokhota kawiri, yomwe anaiyesa n'kuidula katatu isanakhale bwino. Batire tinaisamutsira pansi pa mpando kuti tipeze malo. Thanki tinaitsuka n'kuiboola kuti tilowetse paipi yachiwiri, chifukwa pampu ya dizilo imabweza mafuta otsala ku thanki, zomwe kabuleta sinkafuna. Nkhani ya mabuleki ndiyo amalume anaikakamira kwambiri. Injini ya petulo imayamwa mpweya yokha, ndipo kuyamwa kumeneko n'komwe kumafewetsa buleki kudzera mu servo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi. Kuyamwa kwa injini ya dizilo sikukwanira ntchito imeneyi, choncho paipi ya servo iyenera kulumikizidwa ku vacuum pump, kapampu koyamwa mpweya ka injiniyo. Munthu akaiwala zimenezi amadzazindikira pamtsetse wa ku Nkhata Bay, phazi likuponda chitsulo chouma.

Inalira koyamba m'mawa wina wa mu June, kukuzizira moti zala zinkakana kugwira sipanala. Tinapopa mafuta ndi dzanja mpaka thovu litasiya kutuluka pa fyuluta, tinadikira ma glow plug kuti atenthetse mkati mwa injini, ndipo pakiyi wachiwiri inagunda ndi utsi woyera womwe unathamangitsa nkhuku za aneba.

Chomwe ndinachiphunzira mochedwa n'chakuti injini tinasintha, koma galimoto inali yomwe ija. Injini yakale inkatulutsa mahosipawa pafupifupi 70, pomwe iyi imafika 111, ndipo mphamvu yake yokokera imabwera mwadzidzidzi turbo ikangoyamba kuimba. Giyabokosi ndi ma half shaft, zitsulo zomwe zimazungulitsa matayala, zinapangidwira injini yofatsa ija. Patatha milungu itatu, tili pamsewu wafumbi wopita ku Usisya, tinafika pachitunda chamatope galimoto itadzaza matumba. Ndinachita ulesi kutsindika kandodo kachikasu kolowetsa matayala onse anayi, ndipo tayala lakumbuyo litayamba kuzungulira pamatope ndinaponda moto. Litagwira mwala ndinangomva kuti tho! Injini inapitiriza kulira bwinobwino, koma galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Half shaft inali itaduka kumapeto kwa mano 10 okha kolowa mu difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiri, ndipo titaisolola chitsulocho chinali chopotoka ngati nzimbe yomwe mwana waipinda.

Tinabwerera kunyumba pa matayala akutsogolo okha, titalowetsa kandodo kachikasu komwe ndinakanyozera kaja. Amalume sanalankhule mpaka tinafika pa phula, kenako anati, "Mphwanga, mwana wa ng'ombe mwam'patsa mtima wa njovu, koma miyendo ndi yake yomwe ija. Muzimuyendetsa ndi ulemu." Kuyambira pamenepo ndimalowetsa matayala onse ndisanafike pamatope, sindiponda moto pa giya yoyamba kapena yachiwiri, ndipo half shaft yapadera imakhala kuseri kwa mpando pamodzi ndi waya wokolera chidutswa chotsalira mkati.

Mafuta ikumwa ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo zitunda zomwe ndinkakwera pa giya yachiwiri tsopano ndimakwera pa yachitatu. Pa M1 popita ku Ekwendeni ndi pomwe imatopetsa, chifukwa ma difu a 4.7, omwe shafti imazungulira ka 4.7 kuti tayala lizungulire kamodzi, amachititsa injini kufuula liwiro lisanakwere, ndipo m'galimoto simumvana. Ndikufunafuna overdrive ya Fairey, giya yowonjezera yochepetsa kuthamanga kwa injini pa phula, popeza ma difu a 3.54 a Range Rover, ngakhale amachepetsa phokoso, angandilande mphamvu yokwawira pamalo oipa. Nambala ya injini yatsopano ndinakailembetsa ku Road Traffic kuti igwirizane ndi blue book. Injini yakale ya petulo ikadali pakhonde, yophimbidwa ndi lona lomwe lija, ndipo mayi akunyumba andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndiichotsepo.