Maloboti kapena mizere yoyera: zomwe masamu a pamphambano andionetsa

Mukafunsa anthu okhala pafupi ndi mphambano yomwe yangopha munthu kuti pachitike chiyani, yankho limabwera limodzi: "Atiikire maloboti." A khansala nawo amalikonda yankho limeneli, poti maloboti amaoneka, amawala usiku, ndipo munthu atha kuwaloza ndi chala nthawi ya kampeni. Semesita ino, m'phunziro la kayendedwe ka magalimoto, aphunzitsi anatipatsa mlandu woterewu kuti tiuweruze ndi masamu. Mphambano yake ndi yongopeka, koma aliyense wa ife anaizindikira: msewu wa tala wotuluka m'tawuni, wa mamita 7 m'lifupi, leni imodzi yopita ina yobwera, kamsewu kochokera m'makomo kakuudutsa, sukulu ya pulayimale tsidya lino, msika ndi siteji ya minibasi tsidya linalo. Manambala a m'kalasi anali akuti pa ola lotanganidwa kwambiri pamadutsa magalimoto 900 ndipo pamawoloka anthu 300. Funso: maloboti kapena zebra crossing?

Zida ziwirizi zonse zinayambira ku Britain, komwe amayendetsa kumanzere ngati ife. Maloboti oyamba anaikidwa ku London, pafupi ndi nyumba ya malamulo, mu 1868. Ankayaka ndi gasi, ndipo pasanathe miyezi iwiri anaphulika n'kuvulaza wapolisi amene ankawatembenuza. Zebra crossing inabwera mochedwa, ku Slough mu 1951. Kwa zaka zambiri mainjiniya a kumeneko ankasankha pogwiritsa ntchito chiwerengero chotchedwa PV². P ndi anthu owoloka pa ola, V ndi magalimoto pa ola. Umachulukitsa V ndi V yemweyo, kenako ndi P, ndipo yankho likapitirira 100 miliyoni, malowo akufunika powolokera pokonzedwa. Pa mphambano yathu yankho ndi 243 miliyoni. Chabwino, pakufunika chinachake. Koma chiwerengerochi chimangowerenga anthu amene akuwoloka kale. Agogo amene anasiya kupita kumsika chifukwa choopa msewu samawerengedwa, mwana amene makolo anamusamutsira ku sukulu ina samawerengedwanso. A ku Britain eni ake anachisiya mu 1995 n'kuyamba kuunika malo alionse paokha.

Masamu amene andigwira mtima kwambiri ndi a kudikira mpata. Munthu woima m'mphepete mwa msewu wopanda kanthu amayembekeza mpata wokwanira pakati pa galimoto ndi inzake. Mabuku ambiri amati munthu amayenda mamita 1.2 pa sekondi. Msewu wa mamita 7 ndiye ukufuna pafupifupi masekondi 6, tikawonjezapo awiri oyang'ana uku ndi uku akukwana 8. William Adams, injiniya wa ku Britain, anapeza mu 1936 njira yowerengera nthawi yomwe munthu angadikire mpata wotero ngati magalimoto akubwera mosatsata ndondomeko. Ndi magalimoto 900 pa ola, munthu amadikira pafupifupi masekondi 18. Tsopano ikani kachilumba ka konkire pakati pa msewu kuti munthu awoloke theka, aime, kenako amalize. Theka lililonse likufuna mpata wa masekondi 5 okha, ndipo akuyang'ana magalimoto 450 ochokera mbali imodzi basi. Kudikira kumatsika kufika masekondi awiri pa theka lililonse, anayi onse pamodzi. Palibe getsi, palibe waya, palibe wapolisi. Konkire yokha yachotsa masekondi 14, ndipo yachotsanso ntchito yovuta kwambiri kwa mwana wa Sitandade 2, yoyeza liwiro la magalimoto a mbali ziwiri nthawi imodzi.

Masamu omwewo amaopsa msewu ukakula. Ndinayesa msewu wa maleni anayi, mamita 14, magalimoto 1,800 pa ola, wopanda kachilumba. Mpata wofunika ndi masekondi 14, ndipo kudikira kumakwera kufika mphindi 36. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma palibe mayi wosenza dengu la tomato amene angadekhe mphindi 36 pamsewu. Amathamanga, amaima pa mzere wa pakati magalimoto akumupepesa mbali zonse, ndipo akagundidwa anthu amati sanasamale. Pamene mizinda yathu ikukulitsa misewu, monga momwe msewu wa ku Lilongwe womwe unkatchedwa Kenyatta Drive wakhalira wa maleni 6, masamu awa ndi oyenera kukhala m'mutu mwa aliyense wojambula mapulani. Kuwirikiza kukula kwa msewu kawiri sikuwirikiza vuto la woyenda pansi kawiri; m'chitsanzo changachi lawirikiza koposa ka 100.

Nanga maloboti? Anthu amaganiza kuti amathandiza woyenda pansi kuwoloka msanga, koma nthawi zambiri amamuchedwetsa. Tinene kuti magetsi amazungulira m'masekondi 90, ndipo kamunthu kobiriwira kamayaka masekondi 10. Munthu wofika nthawi iliyonse amadikira pafupifupi masekondi 36, ndipo watsoka amene wafika katangozima amadikira 80. Yerekezani ndi masekondi anayi a kachilumba aja. Mabuku a ku America amanena kuti kudikira kukapitirira masekondi 30 anthu amayamba kutopa n'kuwoloka kamunthu kali kofiira. Apa ndiye pali msampha: dalaivala amene waona chobiriwira amakhulupirira kuti msewu ndi wake, sachotsa phazi pa mafuta, mwinanso amawonjezera kuti chisamuthere. Maloboti amachepetsa ngozi zogundana m'nthiti, koma amachulukitsa zogundana kumbuyo. Ndipo ngakhale kamunthu kali kobiriwira, pa mphambano zambiri galimoto yokhota imaloledwa kudutsa pomwepo, dalaivala maso ali pa magalimoto anzake. N'chifukwa chake mayiko samaika maloboti pongoti anthu apempha. Ku America buku lawo la zizindikiro za pamsewu lili ndi miyeso 9 yoti malo ayesedwe nayo. Ku South Africa amayang'ana kutalika kwa mzere wa magalimoto odikira.

Musaganize kuti ndikuyamikira penti. Mizere yoyera payokha ndi yomwe yandikhumudwitsa koposa. Charles Zegeer ndi anzake anafufuzira boma la America malo 1,000 okhala ndi mizere ndi ena 1,000 opanda mizere m'mizinda 30, onse opanda maloboti. Pa misewu ya maleni awiri sanapeze kusiyana kwa ngozi. Pa misewu ya maleni ambiri yodutsa magalimoto oposa 12,000 patsiku, malo a mizere yokha anali ndi ngozi zambiri za oyenda pansi kuposa malo opanda kanthu. Chimodzi mwa zifukwa zake ife timachiona tsiku ndi tsiku. Galimoto ya leni yoyamba imaima mwaulemu, munthu amalowa mumsewu, ndipo galimoto yoimayo imamubisa kwa ina yomwe ikubwera mu leni yachiwiri. Kwathu kuno sipafunikanso maleni awiri. Minibasi imaima pamizere penipeni kutsitsa anthu, kondakitala akuitanira ena, wotsika uja amazungulira kutsogolo kwake, ndipo galimoto yomwe ikupitirira minibasiyo imamuona atafika kale pabampala. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pa misewu ya maleni ambiri pomwe panali chilumba chokwera pakati, ngozi zinali zochepa kwambiri.

Zonsezi zimakathera pa liwiro. Malangizo a ku Britain a 1995 aja amaletsa kuika zebra crossing pamsewu pomwe liwiro lomwe madalaivala 85 mwa 100 alionse salipitirira lafika mamailosi 35 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 56. Onani kuti sayang'ana nambala yolembedwa pachikwangwani. Amayeza momwe anthu akuyendetseradi. Buku lawo la malamulo a pamsewu limati galimoto yoyenda makilomita 32 pa ola imaima pa mamita 12, ya 48 pa mamita 23, ya 64 pa mamita 36, ndipo apo ndi pa msewu wouma, matayala ndi mabuleki zili bwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa umakwera ka 4.5 liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za mayiko ku Stockholm mu 2020 unagwirizana za makilomita 30 pa ola paliponse pomwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu. Mphambano za kunja kwa tawuni ndi zoipa pa nkhani imeneyi. Dalaivala wangotuluka m'chithinithini cha m'tawuni, waona msewu watseguka, mtima uli kale ku Dedza kapena ku Zomba, chonsecho m'mphepetemo mwadzaza nyumba, mashopu ndi ana. Getsi lofiira limamupempha kuti aime, penti imamupempha kuti aime, koma hampu simupempha.

Pali nkhani inanso yomwe mabuku a ku Ulaya saitchula kawirikawiri. Maloboti amadya magetsi, amafuna katswiri wokonza bokosi lake, ndipo a sola amafuna mabatire omwe akuba amawakonda. Abale athu a ku Joni amadziwa lamulo la kumeneko loti maloboti akazima mphambano imasanduka yoti aliyense aime, woyamba kufika ndiye ayambe kudutsa. Lamulolo limathandiza magalimoto kugawana mpata, koma woyenda pansi amatsala yekha pa msewu womwe unakulitsidwa dala kuti ukhale ndi maleni okhotera. Hampu ndi kachilumba zimagwira ntchito magetsi atazima. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linakonza malo ozungulira masukulu ndi zinthu zotsika mtengo zoterezi, mahampu, tinjira ta oyenda pansi, mizere ndi zikwangwani, ndipo kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi 26 peresenti.

Maloboti ali ndi malo ake, ndipo sindikuwakana. Pa msewu wa maleni anayi uja palibe njira ina yopangira mpata koma kuimitsa magalimoto, pamodzi ndi chilumba chachikulu pakati. Munthu wosaona amathandizidwanso kwambiri ndi maloboti olira, chifukwa pa zebra crossing alibe chomuuza kuti dalaivala waimadi. Mnzanga wina m'gulu lathu analimbikira za raundabauti, ponena kuti mphambano wamba ili ndi malo 32 pomwe njira za magalimoto zimakumana pamene raundabauti ili ndi 8. Akunena zoona, koma malo ake mungawapeze kuti msika utafika kale m'mphepete mwa tala?

Zomwe ndinalemba mu lipoti langa ndi izi. Pa mphambano yathu ya maleni awiri, maloboti adikire. Pamangidwe zebra crossing yokwera, yoti hampu yake ikhale yafulati pamwamba ndipo ifanane msinkhu ndi kanjira ka oyenda pansi, kuti wa njinga ya olumala adutse osavutika. Pakati pakhale kachilumba ka mamita awiri, kokwana mayi ndi mwana kapena munthu wokankha njinga. Powolokerapo pakhale pomwe anthu amawolokera kale, pakati pa geti ya sukulu ndi msika. Mukapaika mamita 100 kutali kuti pepala lioneke bwino, mwangowononga penti. Siteji isunthidwe kuti minibasi iziima itadutsa powolokerapo, anthu otsika azizungulira kumbuyo kwake. Pakhale getsi lowalitsa munthu woima m'mphepete, ndi mahampu ena ochenjeza galimoto isanafike. Ndinawonjezera kuti chiwerengero cha magalimoto ndi liwiro lawo ziziyezedwanso chaka ndi chaka, ndipo msewuwo ukadzakulitsidwa kukhala wa maleni anayi, maloboti adzalowe mu bajeti yomweyo ya ntchitoyo.

Aphunzitsi atawerenga anandifunsa funso limodzi: "Nanga akabaza adutsa pati?" Masamu a Adams amaganiza kuti chilichonse chikuyenda mu leni yake. Njinga zamoto ndi zakapalasa zimayenda m'mphepete, pomwe munthu wodikira waima, ndipo hampu ikathera pomwe tala wathera, njinga ngakhalenso minibasi zimaizemba podzera m'dothi. Choncho pa pulani yomaliza hampu yafika mpaka pa kanjira ka oyenda pansi mbali zonse, m'mphepete mwake mwaikidwa timizati ta konkire, ndipo pansi pake padutsa paipi yotengera madzi ku ngalande, kuti dzinja likafika madzi asadikhe pomwe ana amaima.