Ku Breinosa, kumene chisisira chimakhala maola ambiri

Kuchoka ku Longyearbyen, pa zilumba za Svalbard za dziko la Norway, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, msewu umadutsa m'chigwa cha Adventdalen n'kukwera mokhotakhota mpaka pa mgodi wa malasha wa Gruve 7. Galimoto wamba imathera pamenepo. Kotsalako tinakwera galimoto yoyenda pa malamba, mfuti ili pambali poopa zimbalangondo zoyera. Pamwamba pa phiri la Breinosa, mamita 520 kuchokera pa nyanja, pali Kjell Henriksen Observatory, siteshoni yoyezera kuwala kwa kumwamba, yomwe inatsegulidwa mu 2008. Siteshoni yakale inali m'chigwa, koma magetsi a m'tauni ankasokoneza miyeso.

Chimene chinatikokera kuno n'chisisira. Dzuwa likalowa, pansi pamada koma mpweya wakutali kumwamba umakhala ukuwombedwabe ndi dzuwa, ndipo umatulutsa kuwala kwakekwake. Sodium, amene ali pa makilomita pafupifupi 90, amawala mwachikasu pa 589 nm (nm ndi nanomita, muyeso wa utali wa mafunde a kuwala, umene umasonyeza mtundu wake). Okosijeni amawala mofiira pa 630 nm, kupitirira makilomita 200. Dzuwa likamatsika, mthunzi wa dziko umakwera: likakhala madigiri 6 pansi, mthunzi uli pa makilomita 35, pa madigiri 10 wafika pafupifupi 98. Ndiye ukaona nthawi imene kuwala kwachikasu kwazilala, wadziwa msinkhu wa sodium. Koma uwonjezerepo makilomita ena, poti mpweya wapansi umameza cheza chodutsa chapafupi ndi nthaka.

Kwathu kotentha dzuwa limatsika digiri imodzi pa mphindi zinayi zokha, moti ntchito yonseyi imatha madzi a nsima asanawire. Kuno kumapeto kwa Januwale dzuwa silituluka n'komwe. Masana limangokwawa madigiri 7 pansi, chisisira chili phee.

Zida zimakhala m'zipinda zofunda, zikuyang'ana kumwamba kudzera m'madome, timadenga tozungulira toonekera. Photometer, chida choyezera mphamvu ya kuwala, imafuna masefa awiri: ina yopyapyala, ya 1 kapena 2 nm, yolunjika pa mzere womwe ukuyezawo, kutanthauza mtundu wa kuwala monga 589 nm, ina yoyeza pambali pang'ono. Yachiwiriyi ndi yofunika kwambiri m'chisisira, chifukwa kuwala kwa dzuwa komwazika m'mlengalenga kumaposa chimene ukufuna. Umachotsera muyeso wake pa woyambawo. Umatsekanso chotsekera n'kuyeza zimene chidacho chimawerenga mumdima, kenako n'kuchiyerekeza ndi nyali ya tungsten yodziwika mphamvu, kuti manambala asanduke ma rayleigh, muyeso wa kuwala kwa thambo.

Zolakwika zambiri n'zazing'ono. Sefa ikatentha kapena kuzizira imasuntha n'kuphonya mzere, n'chifukwa chake amaisunga pa kutentha kumodzi. Mpweya wofunda ukasiya kuuzira m'dome, chisanu chimamata m'kati ndipo manambala amatsika pang'onopang'ono ngati kumwamba kwasintha. Mtambo wopyapyala umabweza magetsi a m'tauni. Mwezi nawo.

Vuto lenileni la Svalbard ndi aurora, kuwala kwachilengedwe kumene kumaoneka kumwamba m'madera a kumpoto kwenikweni. Cha m'ma 9 koloko m'mawa pa nthawi ya UT (nthawi ya ku Greenwich) imafika pamutu penipeni, yofiira pa 630 nm yomweyo, ndipo photometer payokha singasiyanitse. Usanakhulupirire muyeso wa tsikulo, tsegula zithunzi za kamera yojambula thambo lonse, uone mphindi ndi mphindi.